Sampu youma: chomwe chimateteza injini zampikisano kuti zisanoke

Palibe mawu omwe mwini galimoto amaopa kumva kwa makaniko kuposa akuti injini yanoka. Akangowamva amadziwiratu kuti thumba libooka, chifukwa kukonza injini yonoka kumalira kuiphwasula yonse, kugula mabeyaring'i atsopano, kukapalitsa kirankishafiti, mwinanso kungogula injini ina.

Nthawi zambiri gwero la tsokali limakhala limodzi: oilo sadafike pomwe amafunika pa nthawi yake.

Tsono ngati galimoto yongoyenda mtauni imatha kunoka, zimatheka bwanji kuti galimoto za mpikisano wa Formula One, zomwe zimapyola liwiro la makilomita 300 pa ola, kapena za mpikisano wa Le Mans ku France, zomwe zimathamanga usana ndi usiku kwa maola 24, zizifika kumapeto injini ikulira bwinobwino?

Mbali yaikulu ya yankho yagona pa njira yosungira ndi kuyendetsera oilo yomwe pa Chingerezi amati dry sump, kutanthauza kuti sampu youma.

Chitsulo choyandama pa oilo

M'kati mwa injini muli chitsulo chokhotakhota chotchedwa kirankishafiti, chomwe chimazungulira mapisitoni akamakwera ndi kutsika. Chitsulochi chimagona pa mabeyaring'i, koma injini ikamalira ziwirizi sizikhudzana. Pakati pake pamakhala oilo wopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo kirankishafiti imayandama pa oiloyo.

Vuto n'lakuti oiloyo sakhazikika pamenepo. Amafinyidwa n'kutulukira m'mbali, choncho pampu imayenera kumakankhirapo wina mosalekeza. Kupatula kufewetsa zitsulo, oilo amachotsanso kutentha kunsi kwa mapisitoni ndi kukokolola zinyalala kupita nazo ku fyuluta.

Injini ya galimoto wamba ikakhala paulendo imazungulira maulendo 2,000 kapena 3,000 pa mphindi. Malamulo a Formula One omwe adayamba mu 2014 adalola injini kufika maulendo 15,000 pa mphindi, omwe ndi maulendo 250 pa sekondi imodzi. Mu 2006 injini ya V8 ya kampani ya Cosworth idafika mpaka 20,000.

Pa liwiro lotere, oilo akaduka kwa sekondi imodzi yokha ndiye kuti zitsulo zakhulana zokhazokha maulendo mazanamazana. Beyaring'i imatentha n'kusungunuka, ndipo nthawi zina chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafiti chimathyoka n'kuboola injini m'mbali.

Dalaivala sataya mpikisano wa tsikulo wokha. Mu 2018, mwachitsanzo, dalaivala aliyense wa Formula One ankaloledwa injini zitatu zokha pa mipikisano 21 ya chaka chonse, ndipo wotenga yachinayi ankabwezedwa m'mbuyo malo 10 poyambira mpikisano.

Beseni la madzi kumbuyo kwa pikapu

Galimoto zambiri zoyenda pamsewu, kuyambira minibasi mpaka lole, zili ndi sampu yonyowa, yomwe pa Chingerezi amati wet sump. Kunsi kwa injini kuli chimbale chachitsulo chomwe chimasunga oilo yense, malita anayi kapena asanu pa galimoto yaing'ono. Pampu imodzi imayamwa oiloyo kudzera pa paipi yomwe kukamwa kwake kuli sefa, n'kumukankhira m'timisewu ta m'kati mwa injini. Akatha ntchito, oilo amadontha yekha kubwerera m'chimbalemo.

Njirayi ndi yosavuta, yotsika mtengo ndipo siivutavuta. Imangofuna kuti kukamwa kwa paipi ija kuzikhala komira nthawi zonse.

Apa ndi pomwe mpikisano umasokoneza zinthu. Aliyense amene adanyamulapo beseni la madzi kumbuyo kwa pikapu amadziwa zomwe zimachitika galimoto ikakhota kapena kuponda mabuleki mwadzidzidzi: madzi onse amathamangira mbali imodzi. Oilo wa m'sampu amachitanso chimodzimodzi.

Akatswiri amayeza mphamvu yokankhira zinthu kumbaliyi ndi muyeso wotchedwa g. Galimoto ikakhota ndi mphamvu ya 1g, chilichonse chili m'katimo chimakankhidwira kumbali ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwake, ndipo oilo amapendekeka madigiri 45. Galimoto za Formula One zimafika 5g pa makona ena. Pamenepo oilo amapendekeka madigiri pafupifupi 80, kunena kwina amachita kuimirira pakhoma la sampu, pansi n'kutsala mbee. Pampu imayamba kuyamwa mpweya.

Kona yaifupi injini ikhoza kupirira, koma pali makona ena osatherapo. Pabwalo la Istanbul Park ku Turkey, lomwe lidatsegulidwa mu 2005, pali kona yachisanu n'chitatu yomwe imapitirira kukhotera kumanzere kwa masekondi angapo galimoto ili pa liwiro loposa makilomita 250 pa ola. Ku America, galimoto za mpikisano wa NASCAR zimazungulira mabwalo monga Daytona ndi Talladega zikukhotera kumanzere kokhakokha kwa maola atatu kapena kuposera apo, ndipo oilo amangokhalira kukankhidwira kumanja.

Vuto lachiwiri ndi thovu. Kirankishafiti imazungulira pamwamba penipeni pa oilo, ndipo akakhavukira m'mwamba imamupukusa ngati mpukutso mumphika wa phala. Oilo wathovu ndi wosakanikirana ndi mpweya, ndipo mpweya umafinyika, choncho sangathe kunyamula chitsulo cholemedwa. Komanso kupukusako kumadya mphamvu ya injini, monga momwe munthu amalemedwera miyendo akamathamanga m'madzi ofika m'mawondo.

Vuto lachitatu ndi msinkhu. Sampu yosunga malita ambiri imayenera kukhala yakuya, ndipo kuti isakhule pansi injini yonse imayenera kukwezedwa. Galimoto yomwe katundu wake wolemera ali m'mwamba imapendama pakona, monga ichitira basi yodzaza matumba padenga.

Momwe sampu youma imagwirira ntchito

Nzeru yake ndi yakuti oilo asasungidwe kunsi kwa injini. M'malo mwa chimbale chakuya, amaikapo chivundikiro chosaya chokhala ndi timakwawa totolera oilo, ndipo nkhokwe yeniyeni imakhala thanki yapadera yomwe amaiika pambali.

Dzina lakuti youma lisapusitse munthu. Oilo amadonthera ndithu pansipo, koma sachedwapo chifukwa amayamwidwa nthawi yomweyo.

Ntchitoyi imagawidwa pakati pa mapampu amitundu iwiri. Oyamba ndi oyamwa, omwe amatenga oilo pansi pa injini n'kumutumiza kuthanki. Amakhala angapo, ndipo aliyense amayamwa malo akeake: ina kutsogolo, ina kumbuyo, ina pakati, ndipo pa injini zina ilipo yoyamwa kumutu kwa injini ndi ku turbo. Motero galimoto kaya ikhote, kaya iponde mabuleki, kaya ifwamphuke, oilo kulikonse komwe angathawire amapezako pampu ikumudikira.

Pa injini zambiri zampikisano zooneka ngati V, chipinda cha kirankishafiti amachigawa ndi makoma kuti masilinda awiriawiri akhale ndi kachipinda kawo ndi pampu yawo.

Mtundu wachiwiri ndi pampu yokankha, yomwe imakhala imodzi. Iyi imatenga oilo pansi pa thanki n'kumukankhira mu fyuluta mpaka kukafika ku mabeyaring'i. Panjira, popita kapena pobwera kuthanki, oilo amadutsa m'kachipangizo konga radiyeta komwe kamamuziziritsa.

Pa galimoto za NASCAR ndi zina zambiri, mapampu onsewa amasanjidwa pamtengo umodzi wachitsulo ngati mikanda paulusi, atatu mpaka asanu ndi imodzi, ndipo amamangidwa kunja kwa injini. Amazunguliridwa ndi lamba wamanomano wochokera ku kirankishafiti, kuti asatereke.

Mwadala, mapampu oyamwa amapangidwa kuti onse pamodzi azitha kukoka zambiri kuposa zomwe pampu yokankha imatumiza, kawirikawiri kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Popeza oilo wobwerera sakwanira kuwadzaza, amakokanso mpweya wambiri. Izi zili ndi ubwino wake komanso vuto lake.

Ubwino ndi wakuti m'chipinda cha kirankishafiti mumatsala mpweya wochepa. Mapisitoni potsika sakumana ndi mpweya wambiri woti aukankhe, nkhungu ya oilo imachepa, ndipo maring'i a pisitoni amamatirira bwino kukhoma la silinda. Zikatero akatswiri amatha kuika maring'i ofewerapo omwe sakhula kwambiri. Zonsezi zimabweza mphamvu yomwe ikadangotayika chabe.

Vuto ndi lakuti zomwe zimafika kuthanki ndi thovu. N'chifukwa chake thankiyo simangokhala chigubu wamba.

Imapangidwa yaitali ndi yopapatiza ngati botolo. Munthu akathira madzi m'mbale n'kuipendeketsa pang'ono, mbali ina ya pansi imaonekera. Akathira madzi omwewo m'botolo, angalipendeketse kwambiri koma pansi pake pamakhalabe pomira. Paipi yopita ku pampu yokankha imachokera pansi penipeni pa thanki, choncho imapeza oilo nthawi zonse.

Oilo wobwerera amalowera chakumwamba, ndipo amalowa chammbali kuti azizungulira kutsatira khoma. Pozungulirapo oilo, yemwe ndi wolemera, amakankhidwira kukhoma n'kumatsetsereka, pomwe mpweya umasonkhana pakati n'kutulukira pa paipi ya pamwamba. M'katimo muli timalata tobowolabowola tomwe timachedwetsa oilo kuti thovu lotsala lithe. Pachifukwachi thanki sadzazitsa. Pamwamba amasiyapo malo a mpweya.

Popeza thanki ndi yoima payokha, akatswiri amaiika pomwe kulemera kwake kungathandize. Pa galimoto za Formula One za zaka zino imakhala kutsogolo kwa injini, kuseri kwa thanki ya mafuta, pakatikati pa galimoto. Pa galimoto za NASCAR imakhala m'kabokosi kumbuyo kwa mpando wa dalaivala.

Nzeru yakalekale

Njirayi si yachilendo. Kampani ya Peugeot ya ku France idaigwiritsa kale ntchito pa galimoto zake zampikisano mu 1913. Idafalanso kwambiri pa ndege. Injini zandege zomwe masilinda ake adazungulira ngati masipoko a njinga zidalibe malo oika chimbale cha oilo, ndipo injini ya Rolls-Royce Merlin, yomwe inkaulutsa ndege za Spitfire pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, idalinso ya sampu youma.

Mu 1954 Mercedes-Benz idatulutsa 300 SL, galimoto ya zitseko zotsegukira m'mwamba ngati mapiko. Kuti kutsogolo kwake kukhale kotsika, injini adaigoneka chopendeketsa n'kuipatsa sampu youma.

Pa 4 June 1967, Jim Clark wa ku Scotland adapambana mpikisano wa ku Zandvoort m'dziko la Netherlands ndi galimoto ya Lotus 49. Lidali tsiku loyamba kuti injini ya Cosworth DFV, yomwe adaikonza Keith Duckworth, ilowe mumpikisano. Mapampu ake adawaika m'mbali chakumunsi kuti injini ikhale yaifupi ndi yotsika, ndipo injiniyo inkagwiranso ntchito ngati gawo la thupi la galimoto. Pofika mu 1983, DFV idali itapambana mipikisano 155 ya Formula One.

Njinga zamoto nazo sizidatsalire. Yamaha XT500, yomwe idatuluka mu 1976, inkasunga oilo m'kati mwa feremu yake, zomwe zidachititsa kuti injini ikhale patali ndi miyala. Cyril Neveu wa ku France adapambana nayo mpikisano wodutsa m'chipululu cha Sahara wa Paris-Dakar mu 1979 ndi 1980.

Walira mvula walira matope

Ngati njirayi ndi yabwino chotere, bwanji siili pa galimoto iliyonse? Chifukwa choyamba ndi mtengo. Thanki, mapampu angapo, mapaipi olimba ndi zolumikizira zake zimadya ndalama zambiri, zimafuna malo, komanso zimafuna oilo wochuluka. Mercedes-Benz 450 SEL 6.9 ya mu 1975 inkamwa malita 12.

Chachiwiri, chipangizo chilichonse chowonjezera ndi malo enanso oti pangafe. Lamba wa mapampu akaduka kapena kuvuka, oilo amaima nthawi yomweyo, ndipo dalaivala amakhala ndi masekondi ochepa oti azimitse injini. Paipi kapena thanki ikang'aluka, oilo amatayikira panjira n'kuika pachiswe miyoyo ya obwera m'mbuyo.

Nkhani yotchuka pa zimenezi idachitika ku Indianapolis 500 ku America pa 30 May 1963. Parnelli Jones ankatsogola, Jim Clark akumutsatira, pomwe thanki ya oilo yomwe idali kunja kwa galimoto ya Jones idang'aluka n'kuyamba kudontha. Mwini wa Lotus, Colin Chapman, adafuna kuti Jones aimitsidwe ndi mbendera yakuda. Mwini galimoto ya Jones, J.C. Agajanian, adatsutsa ponena kuti oilo adali atatsika kale kupyola pamng'alupo. Mkulu woyang'anira mpikisanowo, Harlan Fengler, sadatulutse mbenderayo, ndipo Jones adapambana, Clark n'kukhala wachiwiri.

Dalaivala wina, Eddie Sachs, yemwe galimoto yake idatereka, adaloza chala oilo wa Jones. Mawa lake awiriwa atakumana adakangana mpaka Jones adamutibula chibakera.

Chachitatu, oilo wochuluka amachedwa kutentha, ndipo oilo wozizira ndi wolimba moti sadutsa bwino m'mipata yaing'ono ya injini yampikisano. N'chifukwa chake amakaniko a Formula One ndi NASCAR amayamba atenthetsa oilo ndi zipangizo zamagetsi asadalize injini.

Ngakhale kuyeza oilo kumasiyana. Pa Porsche 911 zakale zozizira ndi mpweya, zomwe zidapangidwa kuyambira mu 1964 mpaka mu 1998, oilo amayezedwa injini itatentha, ikulira, galimoto ili pamalo athyathyathya. Injini ikagona, oilo wina amatsetserekera kunsi, ndipo woyeza m'mawa kukuzizira amaona ngati watha n'kuwonjezera wina mpaka kusefukira.

Kampaniyi idakumananso ndi zina mu 1972. Pofuna kugawa bwino kulemera, idasunthira thanki ya oilo ya 911 kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, n'kuika kachitseko kothirira oilo kunja, kuseri kwa chitseko cha kumanja. Mbiri yomwe idafala ndi yakuti ena ogwira ntchito pamalo omwetsera mafuta ankathirapo petulo poganiza kuti ndi thanki ya mafuta. Kachitsekoko kadangokhala chaka chimodzi.

Pomwe pali mpata, ochenjera salephera

Pampikisano, chilichonse chimatha kusanduka chida chopezera liwiro, ndipo thanki ya oilo nayo idalowapo m'milandu.

Mu March 2008, Carl Edwards adapambana mpikisano wa NASCAR ku Las Vegas, koma poyendera galimoto yake akuluakulu adapeza kuti chivundikiro cha kabokosi ka thanki ya oilo chidali chitachoka. Timu yake ya Roush Fenway idati bauti idamasuka yokha kaamba ka kunjenjemera kwa galimoto, pomwe opikisana nawo adati mpata umenewo umadutsitsa mpweya mothandiza galimoto kumatirira pansi. Edwards sadalandidwe chipambano, koma adadulidwa mapointi 100, ndipo mkulu wa amakaniko ake, Bob Osborne, adalipitsidwa madola 100,000 a ku America n'kuimitsidwa mipikisano isanu ndi umodzi.

Ku Formula One nkhani idali ina. Kuyambira mu 2014 malamulo adaika malire akuti injini isamamwe mafuta oposa makilogalamu 100 pa ola. Posakhalitsa kudabuka manong'onong'o akuti matimu ena akulola dala oilo kulowa m'masilinda kuti azipsa ngati mafuta owonjezera. Bungwe loyendetsa mpikisanowu la FIA lidayankha mu 2017 polamula kuti injini isamathe oilo woposa malita 1.2 pa makilomita 100. Chaka chomwecho, kuyambira pa mpikisano wa ku Monza ku Italy, malirewo adatsika kufika 0.9 pa injini zatsopano, kenaka 0.6 mu 2018 ndi 0.3 mu 2020.

Nanga wa galimoto wamba?

Galimoto zochepa zokha zapamsewu ndizo zimatuluka kufakitale ndi sampu youma, ndipo ndi zamtengo wapatali monga Chevrolet Corvette Z06 ya mu 2006 ndi zambiri za Ferrari. Ochita mipikisano ing'onoing'ono omwe thumba lawo n'loperewera amangowotcherera timakoma ndi titseko tamahinji m'sampu yonyowa, kuti oilo azilowa pomwe pali paipi yoyamwa koma azilephera kuthawapo.

Woyenda pamsewu wamba safunika zonsezi, chifukwa matayala ake sangagwire pansi mpaka kuimiritsa oilo pakhoma. Koma vuto lomwe limasowetsa tulo akatswiri a mipikisano limatha kumupeza kudzera njira ina. Oilo akachepa m'sampu, kona wamba, chitunda kapena mabuleki amphamvu zimakwanira kuvundukula kukamwa kwa paipi ija. Chimodzimodzinso sampu ikagunda mwala pamsewu wafumbi n'kutifukira m'kati, imatha kutseka paipiyo ngakhale isadabooke.

Chizindikiro chake ndi kanyali kofiira ka oilo komwe kamayaka pakona n'kuzima msewu ukawongoka. Madalaivala ambiri amakanyozera poganiza kuti ndi vuto la mawaya, chonsecho nthawi iliyonse yomwe kayaka mabeyaring'i amakhala akusowa oilo. Amakaniko amalangiza kuima pamalo athyathyathya, kuzimitsa injini, kudikira mphindi zingapo kuti oilo atsike, n'kusolola dipisitiki ulendo usadapitirire.